Miyeso ya pa Msika wa Lizulu

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu amaudziŵa msika wa Lizulu. Tsidya lino la msewu ndi Malaŵi, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo chifukwa cha kuzizira kwa kumapiriko mbewu za kudimba zimachita bwino ndithu. Basi ikangoima, amayi ndi anyamata amathamangira pa mazenera atanyamula kabichi, matimati, anyezi, kaloti, ndiponso mapichesi pa nyengo yake.

Pamenepa chilichonse chili ndi muyeso wake: matimati pa mulu, kachewere pa ndowa, mpiru pa kamtolo. Ife ogula timaŵerenga mosamala, osaiŵala kupempha basera. Koma muyeso wa zimene zimafika pa mbale yathu ndi ochepa amene amaudziŵa.

Bungwe la zaumoyo la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba tsiku lililonse, ndiye kuti dzanja lodzaza kasanu, kuti apeŵe matenda monga a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Kachewere, mbatata ndi chinangwa saziŵerengera, ngakhale kuti kachewereyo ndiye amadzaza ndowa pa Lizulu. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo unafunsa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno kuti amadya zimenezi masiku angati pa sabata, ndiponso zochuluka motani. Oposa 9 mwa 10 aliwonse sanafike pa muyesowo.

Ife sitidabwa. Kwathu kambale kamodzi ka nkhwani kamaperekeza nsima ya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo bambo akapezeka akudya gwafa anzake amamuseka kuti wayamba zachibwana. Matumba akuluakulu a kabichi wa pa Lizulu amakwera malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre.