Kakhadi ka Mew ndi Fizi ya Mwana

Aphunzitsi anzanga amandiseka. Akuti bambo wa imvi ngati ine, wophunzitsa masamu Fomu 3 ndi Fomu 4, ndingamasunge bwanji timakhadi ta zidole m'chitini cha bisiketi? Lero ndati ndikufotokozereni inu, mwina mundimvetsa kuposa iwo.

Zinayamba mu 2012. Pasukulu pathu panabwera mtsikana wa ku Japan, mmodzi mwa achinyamata ongodzipereka omwe dziko lawo lakhala likutumiza kuno kuyambira 1971. Tinkagawana makalasi a masamu. Zaka zake ziwiri zitatha, tsiku lotsanzikana, anandipatsa kakhadi konyezimira komwe ankasunga m'buku lake. Anati anakapeza mu 1999, ali ndi zaka 11, tsiku lomwe bambo ake anapita naye kukaonera filimu yachiwiri ya Pokémon. Khadilo, lotchedwa Ancient Mew, silinkapezeka m'mapaketi a m'sitolo. Linkabwera m'kabuku ka filimuyo. Anandilozeranso m'munsi mwake pomwe osindikiza analakwitsa, n'kulemba "Nintedo" m'malo mwa "Nintendo". Mukudziwa mmene mphunzitsi amachitira akaona sipelo yolakwika. Ndinakopeka pomwepo.

Kwa amene simukuzidziwa, ku Japan makhadi a zithunzi za makatuni ndi nkhani yakale ndithu. Mu 1988 kampani ya Bandai inayamba kuika makina otchedwa Carddass m'masitolo. Mwana ankaponyamo ma yen 20 n'kutulutsa khadi limodzi, ndipo a Dragon Ball anatchuka kwambiri. Makhadi a Pokémon anatuluka mu 1996. Koma pali mtundu wina womwe anthu amaulimbirana: makhadi ogawidwa pa zochitika zapadera, monga pa filimu, pa mpikisano kapena pa chionetsero. Tsikulo likadutsa, basi kwatha.

Lotchuka pa onsewa ndi Pikachu Illustrator, lomwe linaperekedwa ngati mphoto m'mipikisano yojambula zithunzi ya magazini ya CoroCoro Comic mu 1997 ndi 1998. Opambana anali ochepa. Mu 2021 Logan Paul wa ku America anapeza limodzi pa mtengo wopitirira madola 5 miliyoni. Kakhadi kopatsidwa kwaulere, amangwetu!

Ine zanga sizinafike kumeneko. Mnzanga uja ankanditumizira limodzi kapena awiri Khirisimasi ikayandikira, ena anandigulira mwana wa mchemwali wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Anakwana 17. Lililonse ndinalilembera m'kope chaka chake ndi komwe linagawidwa, ngati kaundula wa kalasi.

Chaka chatha zinthu zinavuta. Mwana wathu wamkazi anasankhidwa kupita ku koleji, fizi ikufunika, malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Usiku wina mayi akunyumba anandipeza ndikuyala makhadi pa tebulo. Anangoti, "Abambo, kodi mwanayu akaphunzira ndi zithunzizi?" Ndinasowa choyankha, chifukwa sankanama.

Ndinawajambula onse pa foni n'kutumizira mnyamata wa ku Johannesburg uja. Iye ndiye anandiphunzitsa kuti malonda amenewa ali ndi mayeso ake. Kampani monga PSA imayesa khadi n'kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, kutengera ngodya, m'mphepete ndi nkhope yake, kenako amalitsekera m'pulasitiki yolimba. Anati 16 aja angapeze wogula. Za Mew anati, "Malume, ili ndiye lalephera. Ngodya ndi yopindika, ndipo likuoneka kuti munthu ankaligwiragwira." Ndinaseka ndekha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchonga ana a eni, lero khadi langa landibweretsera malikisi ofiira.

Ndinagulitsa 16 aja. Ndalama zake, kuphatikiza ndi kangongole ka kubanki m'khonde, zinakwanira teremu yoyamba. Ndisaname, mtima unandiwawa poika makhadiwo mu envelopu. Koma kuti ndibwerere tsiku lomwe lija, ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi.

Chomwe chimandidandaulitsa ndi momwe mtengo wasinthira zinthu. Mu Ogasiti 2025 ku Japan, malo odyera a McDonald's ankapereka makhadi a Pokémon pamodzi ndi chakudya cha ana. Anthu ofuna kukagulitsanso anagula mulu wa chakudya, n'kutengamo makhadi, chakudyacho n'kuchisiya. Makhadi anatha mwamsanga, ana ambiri n'kubwerera chimanjamanja. Ine amene ndimaphunzitsa ana obwera m'kalasi osadya kanthu, nkhaniyi inandikhala pakhosi. Khadi lomwe linkatanthauza kuti "tsiku lija ndinaliko" tsopano kwa ena langokhala katundu wa pamsika.

Langa lotsalalo likadali ndi tanthauzo lakale. Ngodya yopindika ija inapindika m'thumba la kamtsikana ka zaka 11 pobwerera kunyumba ndi bambo ake. Mabanga enawo ndi zala zanga za choko. Woyesa akhoza kulipatsa 3 kapena 4, zake zimenezo.

Ndinamulembera mnzanga uja kumuuza zonse, ndili ndi manyazi. Anayankha kuti wasangalala kuti makhadi ake alowa koleji. Mwezi watha envelopu ina yafika, muli khadi limodzi. M'chitini tsopano muli awiri, ndipo mayi akunyumba awerenga kale.

Mawa ndili ndi Fomu 4 m'mamawa, makope sindinachonge.