Amtengatenga Adothi

Mwana aliyense wokulira kumudzi m'dziko lino anaumbapo ng'ombe zadothi kudambo, kapena anapangapo galimoto yamawaya ndi yachiwale. Akangoyamba kusinkhuka amazisiya zonsezi poopa kusekedwa kuti akuchita zachibwana. Ku Ulaya ndi ku Japan zinthu n'zosiyana. Kumeneko kuli madoda aimvi zawo amene amatha miyezi akulumikiza tizidutswa tapulasitiki kuti apange akasinja, ndege zankhondo ndi asilikali ang'onoang'ono. Akatha amaziimika pathabwa limene aumbirapo mapiri, mitsinje ndi mitengo, kenaka n'kujambula chithunzi chooneka ngati cha nkhondo yeniyeni. Chinthu chotere amachitcha diorama, dzina limene linatchuka ku Paris m'chaka cha 1822 pamene Louis Daguerre ndi mnzake anatsegula nyumba yoonetseramo zithunzi zikuluzikulu zonyenga maso. Makampani monga Airfix ya ku England ndi Tamiya ya ku Japan amagulitsa tizidutswa timeneti m'mabokosi.

Imeneyi ndiyo ntchito imene ndimagwira pakhonde panga kuno ku Chiputula chipumireni pauphunzitsi. Mabokosi aja sindinawaonepo m'sitolo za mu Mzuzu, ndipo ngakhale ndikadawapeza sakadandithandiza kwenikweni, pakuti ambiri mwa asilikali a m'menemo ndi Majeremani, Angerezi ndi Aamereka. Ine ndimafuna anthu akwathu. Choncho zipangizo zanga ndi dothi lamakande, waya, chiwale, zitini zakale, utuchi wa kwa kalipentala ndi penti wotsala m'mabigiri. Dothi limavuta kuuma m'chinyontho cha Mzuzu, makamaka mvula ikamata, motero kuumba kwambiri ndimachita m'chilimwe.

Lamulo loyamba la ntchitoyi ndi muyeso. Ine ndimatsata umene ambiri amagwiritsa ntchito, wa 1 pa 35, kutanthauza kuti chilichonse chimachepetsedwa ka 35. Munthu wamtali masentimita 175 amakhala masentimita 5 okha. Mtengo wa mlambe wa mamita 15 umakhala masentimita pafupifupi 43. Mukangolakwitsa chimodzi diso limazindikira msanga, ngakhale la mwana. Udzu weniweni sungalowe m'diorama chifukwa umaoneka ngati nsungwi. Ndimatenga ulusi wa chingwe chakhonje n'kuudula mwaufupi. Mchenga wakumtsinje umaoneka ngati miyala, choncho ndimasefa fumbi ndi sefa yaufa.

Anansi anga ankayembekeza kuti ndiumba nkhondo ya ku Moyale, popeza malo a asilikali a mumzinda uno anatenga dzina lawo kutauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a King's African Rifles ochokera kuno analimbana ndi Mataliyana mu Julaye 1940. Koma ine ndinasankha Karonga, chifukwa kumeneko nkhondo ya Azungu inaponda nthaka yathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima yapamadzi ya Guendolen inaombera ndi kulemaza sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann padooko la Sphinxhafen, limene lero likutchedwa Liuli, kutsidya kwa nyanja. Mfuti ya sitimayo ili ku Mangochi mpaka lero. Pasanathe mwezi gulu la Majeremani linaoloka mtsinje wa Songwe, ndipo pa 9 Sepitembala linathira nkhondo boma la Karonga. Gulu la Kaputeni Barton, limene linali litalowera kumpoto kukawachingamira, linabwerera mofulumira n'kuwagonjetsa. Kumbali zonse ziwiri, ambiri mwa amene anagwira mfuti ndi kufa tsiku limenelo anali anthu akuda.

Buku la mbiri limatha kunena zonsezi m'mizere isanu. Woumba alibe mwayi woterowo. Buku likati asilikali anafika, iye ayenera kudziwa chimene anavala kumutu, ngati anali ndi nsapato kapena ayi, kumene anaika madzi akumwa, ndi amene anasenza zipolopolo. Dothi silidumpha funso. Ndipo funso lomalizali ndilo linasintha ntchito yanga yonse.

Kunalibe misewu yoti magalimoto n'kudalirika, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe m'madera ambiri. Nkhondo ya ku East Africa inayenda pamitu ya anthu. Olemba mbiri amati amuna a m'dziko la Nyasaland amene analowa usilikali pakati pa 1914 ndi 1918 anali pafupifupi 19,000, koma amene anatengedwa kukasenza katundu anali pafupifupi 200,000. Ameneŵa ndiwo amtengatenga. Aliyense ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anatha ndi njala, kamwazi ndi chibayo osaona n'komwe mdani. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Anagwidwa usiku ndi amesenjala aboma, ndipo zimene ankatisimbira sizinali za kuombera mfuti koma za zilonda zam'mapazi, chikoti cha kapitawo ndi kuzizira kwa m'mapiri a kumpoto kwa nyanja. Akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo Melvin Page, amene anacheza ndi otsala ankhondoyo, anatcha buku lake la m'chaka cha 2000 ndi dzina lomwelo. John Chilembwe anaona msanga kumene zinkapita: mu Novembala 1914 analemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sinali yawo.

Nsanja yachikumbutso ya ku Zomba inamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo manda ankhondo a ku Karonga amasamalidwa bwino. Koma mtengatenga amene anagwa panjira anakwiriridwa pomwepo, kapena sanakwiriridwe n'komwe. Agogo anga sanajambulidwepo chithunzi moyo wawo wonse. Ndikamayang'ana zithunzi za madiorama a kunja, luso lake ndimaligomera, koma pafupifupi zonse zimatamanda chitsulo: kasinja ali pakati, anthu ali m'mbali ngati zokongoletsera. Pathabwa langa palibe galimoto ndi imodzi yomwe. Pali njira yopapatiza yodutsa m'tchire, mzere wa anthu osenza mabokosi ndi matumba, ndi asilikali owerengeka kutsogolo ndi kumbuyo.

Kujambula ndi luso lina palokha. Mukajambula mutaimirira, chithunzi chimaulula kuti ndi zoseweretsa, chifukwa mukuona anthuwo monga momwe khwangwala amaonera anapiye. Muyenera kutsitsa kamera kufikira italingana ndi maso a kamunthu kadothiko, masentimita anayi kapena asanu kuchokera pathabwa. Ine ndimagwiritsa ntchito foni yam'manja, nditaitembenuza chadodolido kuti diso lake likhale pansi. Ndimatulutsa thabwa panja m'mamawa, dzuwa lisanakwere, kuti zithunzithunzi za anthu zikhale zazitali ndipo kumbuyo kuoneke thambo lenileni. Vuto lalikulu ndi lakuti kamera ikayandikira kwambiri, munthu wakutsogolo yekha ndiye amaoneka bwino, enawo amachita chimbuuzi. Mankhwala ake ndi kufutukira m'mbuyo pang'ono ndi kujambula pamene pali kuwala kokwanira, kenaka n'kudula m'mphepete mwa chithunzicho. Utsi wa mfuti ndi thonje lomwazidwa bwino ndi kudetsedwa ndi mwaye.

Chithunzi chotere mukachichotsa mitundu n'kutsala choyera ndi chakuda, chimanyenga ndithu. Mdzukulu wanga anatumizira anzake chimodzi pa WhatsApp, ndipo pasanathe masiku atatu chinabwerera kwa ife kuchokera kwa munthu wina, chitalembedwa kuti chinajambulidwa ku Karonga m'chaka cha 1914. Mdzukuluyo anasangalala, nati, "Agogo, mwawapusitsa onse!" Ine sindinakondwe. Anthu amene mbiri yawo inasoŵa zithunzi sayenera kuipezanso mwachinyengo. Kuyambira pamenepo ndimaika bokosi lamachesi pangodya ya thabwa ndisanajambule, pamalo poti munthu sangalidule popanda kudulanso mzere wa amtengatenga.

Potsata ziwerengero zija, msilikali mmodzi aliyense afunika amtengatenga khumi. Asilikali ndinaumba asanu ndi mmodzi, ndipo anatha m'sabata ziwiri chifukwa yunifolomu imawafananitsa. Amtengatenga afunika 60, ndipo ndafika pa 41. Ameneŵa amachedwa, pakuti aliyense ali ndi kasenzedwe kake: wina waika nkhata pamutu, wina wasunthira katundu paphewa chifukwa khosi latopa, wina akutsimphina. Wachinayi kuchokera kumbuyo ndinamuumba ndi phewa lamanzere lotsika, monga momwe agogo ankayendera mpaka tsiku la imfa yawo.