MAPEPALA A CHISIPANISHI PA TEBULO LA MLONGO WANGA

Sukulu zathu zitatsekera kumapeto kwa July 2024, ndinakwera ndege kwa nthaŵi yoyamba m'moyo wanga kunka ku America kukacheza kwa mlongo wanga, amene agwira ntchito ya unamwino mu mzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana. Amalaŵi alipo ambiri ndithu mu mzinda umenewo, kotero kuti nsima sindinaisoŵe. Za ulendowo ndidzasimba tsiku lina. Lero, makolo anzanga ndi inu achinyamata, ndifuna kukuuzani za mulu wa mapepala umene ndinaupeza pa tebulo lodyerapo, ndi za mkangano umene mapepalawo anabutsa pakati pa ine ndi mwana wa mlongo wangayo.

Mwanayo ndi mtsikana wa zaka 16 pa nthaŵiyo, wobadwira komweko. Chicheŵa chake chinali cha mau oŵerengeka: amalume, zikomo, nsima, ndiwo. Ukamlankhula ankamva pang'ono, koma nayankha m'Chingerezi. Sukulu zao zinatsekera kumayambiriro kwa June, ndipo zinali kudzatsegulira pakati pa August. Iye anali atalembetsa phunziro lotchedwa AP Spanish Language and Culture, ndilo Chisipanishi cha msinkhu wa ku koleji chophunzitsidwa mwana akali ku sekondale. Mayeso ake amakonzedwa ndi bungwe la College Board, nalembedwa m'mwezi wa May. Malikisi amayambira 1 kulekeza 5, ndipo makoleji ambiri amamchotsera mwana maphunziro ena a chaka choyamba ngati wakhoza bwino. Kwa mlongo wanga, amene agwira ntchito usiku ndi kulera yekha ana aŵiri, imeneyi inali nkhani ya ndalama zambiri.

Aphunzitsi ake, podziŵa kuti masabata khumi a tchuthi akhoza kufufuta zimene mwana waphunzira zaka zitatu, anapatsa ophunzira ntchito ya m'chilimwe. Anayenera kubwereza aneni m'nthaŵi zao zonse, kumvera wailesi kapena nkhani za m'Chisipanishi sabata ndi sabata, kulemba m'kope zimene zaŵachitikira tsiku ndi tsiku, ndiponso kujambula mau ao akuyerekeza mwambo wina wa kwao ndi wa dziko lolankhula Chisipanishi. Mmene ndinkafika, masabata asanu ndi aŵiri anali atatha, ndipo mapepalawo anali osakhudzidwa. Ntchito yao inali yoikapo makapu a tiyi.

Ine ndaphunzitsa ku pulaimale zaka zopitirira 30, ndipo ulesi wa ana ndiudziŵa, kapena ndinkayesa kuti ndiudziŵa. Tsiku lachitatu tili pa chakudya cha madzulo ndinalephera kudzigwira. Ndinamuuza kuti kwathu ana amaŵerengera pa nyali ya koloboyi ndipo sadandaula. Ndinapitirira, pakuti lilime likayamba kutsetsereka silimva kuitana. Ndinati, "Nanga Chisipanishicho n'cha chiyani? Agogo ako ku Dedza sungathe kuŵapatsa ngakhale moni, koma ufuna kulankhula ndi anthu a ku Mexico. Kodi ndiwo anabala amai ako?"

Mwanayo anaika supuni pansi, nanyamuka osanena kanthu. Mlongo wanga anakhala chete kufikira titamva chitseko cha kuchipinda chikutsekeka. Pamenepo anati, "Achimwene, mwamlakwira mwanayu. Chicheŵa sanachikane yekha. Ndine ndinaleka kumlankhula ali wamng'ono, poopa kuti adzatsalira m'kalasi. Ngati pali mlandu, zengani ine. Ndipo mapepalawo sakuŵasiya chifukwa cha ulesi. Akuopa. Wandipempha kaŵiri kuti akafafanize dzina lake."

Usiku umenewo tulo sindinatione. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo ine ndinali nditaoloka nyanja kudzaliza mwana wa mbumba yanga tsiku lachitatu lenileni.

M'maŵa ndinampepesa, chinthu chimene sindinazoloŵere kuchita kwa mwana, ndipo ndinampempha andionetse chimene chinkamuopsa. Anandilongosolera mayesowo monga analiri chaka chimenecho. Theka lake linali kusankha mayankho utaŵerenga kapena kumvera nkhani. Theka linalo linali ndi mbali zinai: kuyankha kalata ya pa kompyuta m'mphindi 15, kulemba chimangirizo chotsutsa kapena kuvomereza mfundo, pogwiritsa ntchito nkhani yolembedwa, tchati ndi mau ojambulidwa, kucheza ndi liu lojambulidwa, ndiponso kuyerekeza miyambo iŵiri, utapatsidwa mphindi 4 zokonzekera ndi mphindi 2 zolankhula. Kulemba sikunkamvuta. Mantha ake anali pa kuchezako. Liu limakufunsa funso, kenaka kumveka kabelu, ndipo uli ndi masekondi 20 oyankha. Ukazengereza, kabelu kalira kachiŵiri ndipo liu lija lipitirira osakudikira. Iye anati kabeluko kakangolira, mau onse amathaŵa m'mutu.

Apa ndiye ndinapeza ntchito yanga. Chisipanishi sindichidziŵa ngakhale pang'ono, koma wotchi ndili nayo, ndipo mwana wogwidwa ndi mantha pamaso pa bolodi ndamuona kambirimbiri. Tinapangana kuti m'maŵa uliwonse, amai ake akamagona atachoka ku ntchito, ife tizikhala pakhonde la kuseri ola limodzi. Iye ankalemba mafunso pa timapepala, ine n'kutola kamodzi, iye n'kuŵerenga, ine n'kugogoda kapu ndi supuni. Lamulo langa linali limodzi lokha: asaleke kulankhula kufikira nditagogodanso. Zolakwa sindikanazimva, choncho analibe chifukwa chochitira manyazi. Masiku oyamba ankafika masekondi 7 kapena 8 n'kuima, maso ali pa ine. Ine ndinkangoloza wotchi. Masekondi 20 ndi nthaŵi yaitali modabwitsa kwa munthu amene alibe chonena. Yesani nokha kunyumba muone.

Pokhala naye choncho, makutu anga anayamba kutola zinthu zimene sindinayembekeze. Chisipanishi chili ndi malembo a liu asanu, a, e, i, o, u, otchulidwa monga momwe tichitira ife, osati mwa chisokonezo cha Chingerezi. Ndinatenga pepala lake lina ndi kuliŵerenga mokweza osamva tanthauzo, ndipo iye anaseka nati ndikutchula bwino kuposa anzake ena a m'kalasi. Kunyada kwanga kunatha msanga pamene anandipatsa mau atatu aŵa: pero, ndiko kuti "koma", perro, galu, ndi pelo, tsitsi. Ife Acheŵa "l" ndi "r" timaziyesa chinthu chimodzi, ndipo kufikira tsiku lobwerera ndinali kutchulabe galu pofuna kunena tsitsi. Tsiku lina ndinamva akuti zapato, ndipo ndinamuonetsa nsapato yanga. Carta ndi kalata, máquina ndi makina, batata ndi mbatata. Mau ameneŵa tinaŵalandira kwa Apwitikizi, amene chinenero chao ndi chapachibale ndi Chisipanishi. Iye anaŵalemba kuchikuto kwa kope lake, ndipo ndinaona kuti wayamba mzere watsopano wa Chicheŵa popanda ine kumuuza.

Koma tsiku limene sindidzaiŵala ndi limene anaponya cholembera pansi chifukwa cha chimene aphunzitsi ao amachitcha subjuntivo. Anati m'Chingerezi mulibe zoterozo zooneka bwino, ndipo zaka ziŵiri wakhala akungoloŵeza osamvetsa. Ndinati andipatse chitsanzo. Anati ukafuna kunena kuti munthu akubwera umati vienes, koma ukanena kuti ufuna kuti abwere, mneni asintha: quiero que vengas. Ndinamuuza anene pang'onopang'ono tanthauzo lake, ndipo ndinadzimva ndekha ndikunena kuti, "Ukubwera. Ndifuna kuti ubwere." Ndinalemba mau aŵiriwo pa pepala ndi kuzunguliza "a" ndi "e" wa kumapeto. Ndinati, "Amai ako akamati udye, ugone, upite, n'chifukwa ninji sanena kuti udya, ugona, upita?" Anayang'ana pepalalo nthaŵi yaitali. Mau amenewo anali ataŵamva kuyambira ali khanda. Anati, "Ndiye kuti chinthucho sichinachitike, angochifuna." Ndinati ndi momwemo.

Kuyambira apo tinayamba kusaka dala. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi pamene Chisipanishi chili ndi aŵiri, ser ndi estar, ndipo ana a kumeneko amavutika nawo kwambiri. Koma soy maestro ndi "ndine mphunzitsi", pamene estoy en la escuela ndi "ndili kusukulu", ndipo estoy bien ndi "ndili bwino". Mcheŵa sanganene kuti "ndine kusukulu". Pa nthaŵi yapita ali ndi fui ndi iba, monga ife tisiyanitsa "ndinapita" ndi "ndinkapita". Ali ndi tú wa kwa mnzako ndi usted wa ulemu, monga iwe ndi inu. Sindinena kuti zinenero ziŵirizi zifanana monse. Pena tinkatsata njira n'kupeza yathera m'thengo, ndipo za maina aamuna ndi aakazi, zoti tebulo ndi lalikazi koma buku ndi lalimuna, ndinamsiyira yekha. Koma mphunzitsi aliyense adziŵa kuti mwana amagwira chachilendo msanga ukachimangirira ku chimene ali nacho kale. Ine ndinali nditamuŵeruza kuti alibe kanthu.

Madzulo ankamvera Radio Ambulante, pologalamu ya nkhani zoona za anthu a ku Latin America, kapena kuŵerenga BBC Mundo, nandifotokozera zimene wamva. M'menemo ndi m'mene ndinadziŵira kukula kwa chinenero chimene ndinachinyoza pa tebulo paja. Anthu pafupifupi 500 miliyoni anayamwira Chisipanishi, ndi chinenero cha boma m'maiko 20, limodzi la iwo ndi Equatorial Guinea muno mu Africa, ndipo mu United States momwemo oposa 40 miliyoni amachilankhula kunyumba. Mlongo wanga anati pafupifupi sabata iliyonse amakumana ndi wodwala amene satha kunena m'Chingerezi pamene pakumpweteka.

Inatsala ntchito yoyerekeza miyambo. Loŵeruka lina tinapita ku sitolo ya anthu a ku Mexico, kumadzulo kwa mzindawo, kukagula ufa. Ndinamkankha kuti afunse yekha mai wogulitsa. Miyendo inkanjenjemera, koma anafunsa, ndipo maiyo anamyankha mokondwa kwa nthaŵi yaitali ndithu. Anatiuza kuti ufa wao wa tortilla sungaphike nsima, pakuti iwo amayamba aphika chimanga m'madzi a laimu, amene amati cal, asanachipere. Tinakaŵerenga pambuyo pake kuti kaphikidwe kameneka, kotchedwa nixtamal, kamamasula chakudya china chobisika m'njere, ndipo kamateteza anthu ku nthenda ya pelagra. Chimangacho kwao kwenikweni ndi ku Mexico komweko. Kuno chinachita kubwera ndi zombo. Ine amene ndaphunzitsa za ulimi zaka zonsezi ndinaima m'sitolomo ngati mwana wa Sitandade 1.

Mtsikanayo anasankha kuyerekeza tortilla ndi nsima. Koma za nsima ankadziŵa kudya kokha. Anandifunsa m'mene ufa woyera umapangidwira, ndipo ine ndinati ntchito imeneyo eni ake ndi agogo ake. Tinakonza mafunso atatu m'Chicheŵa, iye naŵaloŵeza monga ankaloŵezera a Chisipanishi, ine ndili ndi supuni yanga. Kumeneko nthaŵi inkatsalira maola 6 pa ya kwathu, choncho tinaimba m'maŵa pa WhatsApp ya mnyamata wina wa pamudzi, kwathu dzuŵa litapendeka.

Amai anaonekera atakhala pa mphasa, akuyandikizitsa nkhope ku foni. Mwanayo anameza malovu nati, "Agogo, uli bwanji?" Mtima wanga unagunda. Koma ndisanatsegule pakamwa anadzigwira pamlomo, nanong'ona yekha kuti usted, nati, "Pepani. Muli bwanji, agogo?" Amai anaseka mpaka kutsokomola, naitana anthu a pabwalo kuti adzamve. Kenaka anayamba kulongosola: kutong'ola, kukonola mu mtondo, kupeta gaga, kuviika mphale masiku angapo, kuitsuka, kuiyanika, kupita nayo ku chigayo, kuyanikanso ufa. Ankalankhula mofulumira, manja akusinja m'malere. Mwanayo anamva mwina gawo limodzi la magawo anai. Zotsalazo ndinamasulira ine. Pomaliza amai anati, "Umuuze abwere adzagwire munsi. Za pa foni sizikhutitsa."

Anajambula mphindi zake 2 kasanu ndi kaŵiri asanakhutire. Ndinabwerera kumudzi sukulu yao itangotsegulira, ndipo wotchi ija ndinamsiyira. Mayeso analemba mu May 2025, ndipo funso la chimanga silinabwere. Mu July mlongo wanga anaimba kuti mwana wapeza 4. Iye mwini anadandaula pang'ono, nati pa funso lachitatu la kucheza kuja anakhalanso chete masekondi angapo.

Chicheŵa chake chikali chopunduka, ndipo sindidziŵa ngati chidzaimirira. Amaimbira agogo ake kamodzi pa mwezi, nthaŵi zina mwezi kudumpha. Amai akalamba, makutu ayamba kugontha, ndipo kaŵirikaŵiri aŵiriwo amangofunsana moni kenaka n'kuyang'anana. Mwezi wathawu anandilembera uthenga wofunsa ngati anene kuti "ndifuna ndibwera" kapena "ndifuna ndibwere". Ndinamuyankha, ndipo ndinamfunsa kuti liti. Akuti ayambe waona za ndalama za ku koleji.