Pawindo la mankhwala ku Naperi

Ndimapereka mankhwala m'famase ina ku Naperi. Ambiri amayesa kuti ntchito yathu ndi kuwerenga mapiritsi n'kulandira ndalama basi. Kuwerengako n'kosavuta. Chimene chimandidyera nthawi ndi mafunso.

Munthu akanditambasulira buku la kuchipatala, ndimayamba ndafunsa: akudwala ndani, ali ndi zaka zingati, kunyumba akumwa chiyani? Nthawi zambiri woima pawindoyo ndi wotumidwa chabe, mdzukulu kapena wakabaza, mwini wake ali gone ku Zingwangwa kapena ku Chitawira. Zimene ndinene zidutsa pakamwa pa wina zisanafike kwa wodwala, n'chifukwa chake ndimalankhula komanso kulemba.

Amene amandipweteketsa mutu ndi LA, mankhwala a malungo omwe analowa m'malo mwa Fansida mu 2007. Mlingo wake umatsata sikelo: mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, munthu wa makilogalamu 35 kupita m'mwamba amamwa anayi. Amamwedwa maulendo 6 m'masiku atatu, ulendo wachiwiri pakatha maola 8. Koma thupi la mwana likangozizira tsiku lachiwiri, otsalawo amabisidwa m'kabati kudikira mng'ono wake akadzadwala. Ndimati, "Mayi, ngakhale mawa ayambe kuthamangathamanga, amalize onse. Muzim'patsa atadya phala lansinjiro kapena atamwa mkaka." Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala chakudya chamafuta.

Panado ndiye anthu samuyesa n'komwe mankhwala. Wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, komatu mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi panado m'kati. Munthu akaphatikiza, chiwindi ndicho chimalipira. Abambo a msana nawo amameza bufeni ndi indosidi limodzi, osadziwa kuti ndi apachibale, ndipo onse amakanda m'mimba ndi kulemetsa impso.

Funso lina silifunsidwa pagulu. Kuyambira 2019 ambiri omwa ma ARV ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene mphamvu yake imachepa akamwedwa pamodzi ndi mankhwala a chilungulira a magnesium kapena mapiritsi oonjezera magazi. Pamzere palibe angaulule zoti amamwa ma ARV oyandikana nawo nyumba akumva. Ndimawaitanira pambali n'kutsitsa mawu: "Achimwene, pali amene mumamwa tsiku lililonse?" Akavomera, timagwirizana kuti ma ARV azitsogola ndi maola awiri.

Pakapepala ka mankhwala sindilemba 1x3 yekha, chifukwa ena amamva kuti atatu nthawi imodzi. Ndimalemba kuti m'mawa, masana, madzulo, kenako ndimati, "Agogo, tandiuzeni, mukamwa bwanji?" Ena amakhumudwa kuti ndikuwayesa ana asukulu, koma pamenepo m'pamene ndimagwirira zolakwika zambiri. Wa sirapu ndimamuonetsa mzere wa 5 ml pakapu yake, poti masipuni a kukhitchini safanana.

Ofuna makapusozi awiri a amoxicillin opanda kalata ya dokotala ndimawabweza. Malamulo amene bungwe loona za mankhwala la PMRA limayang'anira salola, ndipo awiriwo sapha matenda, amangozoloweretsa tizilombo. Ena amandimvera n'kupita kukapimidwa. Ena amatsonya n'kulowera kumsika, kumene makapusozi omwewo amakhala padzuwa pafupi ndi mabatire ndi mankhwala a makoswe.