Makina Otulutsa Chakudya Nawo Ali ndi Wogawa

Mwa zodabwitsa zonse za mu Star Trek, chimene chimandikhumbiza kwambiri ndi kabowo ka pakhoma kotchedwa replicator. Mu The Next Generation, yomwe idayamba kuonetsedwa mu 1987, Kaputeni Picard amangotchula tiyi amene akufuna, kapu n'kutulukira pompo ikufuka nthunzi. Kwa ife amene timadziwa mmene nkhokwe imaonekera mu Febuluwale, makina oterewa ndi loto lovuta kudzukamo.

Komatu olemba masewerowa adawaikira makinawo malire, ndipo malirewo ndiwo amandiganizitsa. Makinawa satulutsa chamoyo. Satulutsanso latinum, chuma chamadzimadzi chimene a Ferengi amagulitsirana nacho malonda mu Deep Space Nine. Kumeneko golide alibe ntchito, amangokutirira latinumyo. Taonani: ngakhale m'dziko limene mbale ya aliyense ingathe kudzaza, anthu apezabe chinthu chosowa choti wolemera azidziwikira.

Malire aakulu ndi mphamvu yoyendetsera makinawo. Mu Voyager, yomwe idayamba mu 1995, chombo chimaponyedwa kutali moti ulendo wobwerera kwawo ndi wa zaka zoposa 70. Mphamvu ikuchepa, choncho aliyense amapatsidwa gawo lowerengeka logwiritsira ntchito replicator. Kaputeni Janeway, ndi ukulu wake wonse, amadandaula khofi. Neelix amatola miphika n'kuyamba kuphikira anthu pamoto ngati kwathu konkuno.

Apa nthano ikugwirizana ndi sayansi. Malinga ndi zimene Albert Einstein adalongosola mu 1905, kuumba galamu imodzi yokha ya chinthu kuchokera ku mphamvu chabe kungadye mphamvu yoposa ya bomba limene lidaphulika ku Hiroshima. Mukati makinawo azingosanja mwatsopano zinthu zosungidwa kale, ndiye kuti nkhokwe ikufunikabe, ndipo nkhokwe siikhala yopanda woyang'anira.

N'chifukwa chake ndikamaonera Voyager maso anga amakhala pa amene akugawa. M'buku lake la 1981, Poverty and Famines, Amartya Sen adaonetsa kuti njala ya ku Bengal ya 1943 idapha anthu chakudya chilipo ndithu. Mitengo idakwera, aganyu ndi asodzi n'kulephera kugula. Replicator ikadakhalapo chaka chimenecho, sindikhulupirira kuti ikadaikidwa m'khumbi la msodzi.

Anthu a m'chombo cha Janeway adapulumuka chifukwa muyeso unakhudza aliyense, kuyambira kaputeni mpaka wantchito wotsikitsitsa. Mbali imeneyi ndi imene ndimaiona ngati nthano yeniyeni, yovuta kuikhulupirira kuposa kapu yotuluka m'khoma. Tsiku limene akatswiri adzalengeze makina othetsa njala, ine ndidzayamba ndafunsa amene akulipira magetsi ake, ndi amene wasunga kiyi.