Mwana Wathu Atapita Kukaphunzira Kunja

Mu April 2024 mwana wathu wachisamba, amene amaphunzira pa University of Zambia, anatsika minibasi pa Kafue Estates nkhope ikuwala. M'manja anali ndi kalata yonena kuti wasankhidwa kukaphunzira chigawo chimodzi cha chaka pa yunivesite ina ya ku Germany. Tinaimba nthungululu, koma usiku umenewo tulo sitinatione. Walira mvula walira matope.

Ife ndife anthu wamba. Bambo wa m'nyumba muno anapuma ntchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, ndipo mayi amagulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue. Chaka chimenecho chinali cha chilala chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse mu February. Ufa unakwera mtengo, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo firiji yathu yaikulu yosungiramo nsomba inangokhala chokongoletsa nyumba.

M'mawa mwake tinakhala pansi ndi kope ndi pensulo. “Mwanawe, tiuze bwinobwino, amalipira ndani?” tinafunsa. Iye anafotokoza kuti ulendowu unali wa pulogalamu ya Erasmus+, imene mayiko a European Union anaiyamba mu 1987 ndi kuikulitsa mu 2014. Wophunzira salipira fizi ku yunivesite imene akupitako, koma amapitiriza kulipira kwawo. Amalandira ndalama zothandizira tikiti ya ndege, komanso mayuro pakati pa 800 ndi 900 pamwezi, malinga ndi dziko lake.

Titamva kuti yuro imodzi inali pafupi K30, tinayesa kuti mwana walemera. Iye anaseka natiwerengera mtengo wa chipinda, inshuwalansi ya zaumoyo ndi chakudya. Kuyambira mu September 2024 boma la Germany linawerengera kuti wophunzira amafunika mayuro 992 pamwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse pankapelewera pafupi mayuro 100 kapena kupitirira apo, ndipo dzenje limenelo linali lathu kulikwirira.

Panalinso zina zofunika ndalama mwana asananyamuke: pasipoti, maulendo a ku Lusaka kukafunsira viza ya nthawi yaitali popeza ankakakhala masiku oposa 90, chikole cha chipinda, ndi zovala za chisanu, pakuti maphunziro a chigawo chimenecho amayamba mu October pamene kuzizira kukuyandikira. Anatichenjezanso kuti ndalama za mwezi woyamba zikhoza kufika iye atafika kale, motero asapite chimanjamanja.

Apa mpamene chiyeso chinabwera. Munthu wina wokongoza ndalama za kaloba anatilonjeza zonse tsiku lomwelo, malinga timusiyire mapepala a nyumba. Tinakangana m'nyumba sabata yathunthu. Mmodzi ankati mwayi subwera kawiri, wina ankati ana atatu otsalawo adzagona kuti tikalephera kubweza. Amene anathetsa mkanganowo ndi mwana yemweyo. “Atate, amayi, ngati nkutaya nyumba, ine ndikhala,” anatero. Mawu amenewo anatichititsa manyazi, natipatsanso nzeru.

Tinagulitsa firiji ija kwa munthu wina amene anali ndi magetsi a dzuwa. Amayi a gulu lathu la chilimba anagwirizana kuti ife tilandire msanga, ngakhale nthawi yathu inali mu December. Malume ake a ku Mazabuka anagulitsa mbuzi ziwiri. A mumphakati mwathu anasonkha kangachepe pambuyo pa mapemphero, ndipo mayi wina wokalamba anabwera ndi jekete lochindikala limene analisankha yekha pa salaula. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Chinthu china chimene tikanachiiwala ndi pangano la maphunziro. Asananyamuke, aphunzitsi a mbali zonse ziwiri anasaina pepala losonyeza maphunziro amene akatenge, kuti pobwerera awerengedwe kuno. Popanda pepala limenelo mwana akhoza kubwereza chaka, ndipo amene akuphunzira ndi ngongole ya boma ya HELSB ayenera kufunsiratu ku ofesiyo za mmene ulendowo ukhudzire ngongole yake.

Tinamuperekeza ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kumapeto kwa September. Kumeneko ankadziphikira yekha, ndipo mwezi ndi mwezi ankatitumizira chiwerengero cha ndalama zimene wagwiritsa ntchito, monga tinapanganirana. Anabwerera mu March 2025 atawonda pang'ono, atakhoza maphunziro ake onse. Chilimba tinamaliza kubweza, koma firiji sitinagulebe, ndipo malonda a nsomba anachepa. Mtengo wa ulendowu tikuumvabe.

Makolo anzathu, kalata yotere ikafika kwanu, yambani mwakondwera, kenaka tengani pensulo. Funsani chimene chalipiridwa, chimene chatsala, ndi tsiku limene ndalama zidzafike. Uzani abale nthawi ikadalipo, ndipo mapepala a nyumba asatuluke m'bokosi. Mng'ono wake tsopano ali mu Giredi 11, ndipo kope lija talisunga, masamba ake ena akadali oyera.