Mzere wa pa diresi la mtsikana wa ku Yofu

Makina anga ndi a Singer, opalasa ndi phazi, ndipo amakhala pakhonde moyang'ana kunyanja kuno ku Yofu, kumpoto kwa chilumba cha Likoma. Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, khondelo limadzaza ndi ana odikira kuyezedwa yunifolomu.

Mwa anawo muli mtsikana wina amene ndamuyeza chaka ndi chaka kuyambira ali Sitandade 2. Ndi mwana wamasiye, akuleredwa ndi agogo ake aakazi amene amadalira kamunda ka chinangwa ndi kuyanika usipa pathandala. Yunifolomu, makope ndi nsapato zake amalipira ndi banja lina lachikhristu la ku Birmingham, ku England, lomwe silinamuonepo ndi maso. Lidamudziwa kudzera kumpingo, poti dayosizi ya Angilikani ya Birmingham idapalana ubale ndi mpingo wa ku Malawi mu 1966. Kwa ife a pa Likoma ubale wotere si wachilendo. Amishoni a UMCA adakhazikika pano mu 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela adayamba kuchimanga mu 1903.

Banjalo limalandira kalata ndi chithunzi. Pachithunzipo mwanayo amaima chilili atavala diresi losoka ine, choncho ndimadziwa kuti msoko wanga ukaonedwa kutali.

Nsalu imachokera ku Mzuzu, n'kukwera Ilala pa Nkhata Bay. Sitima ikachedwa, makina amangokhala. Ikafika, ndimayeza mapewa, chifuwa, chiuno ndi kutalika mpaka kupitirira bondo, n'kulemba m'kope. Ndikalemba nsalu ndi choko, ndisanadule ndimasiya inchi imodzi mbali iliyonse ndi mainchesi atatu opinda m'munsi, chifukwa mwana sadikira ndalama kuti akule. M'khwapa ndi m'matumba ndimadutsamo kawiri. Zovala zathu amazichapa kunyanja pozimenya pamwala n'kuziyanika pamchenga dzuwa likuswa mtengo, ndiye msoko waulesi sutha teremu.

Dzuwa lomwelo limasulutsa nsalu. Chaka china ndalama zitachedwa, ndidangomasula popinda paja kuti diresi litalike. Mbali imene idabisika idali idakali yowala, ina yonse itasuluka. Ndidayala kansalu konyowa n'kusita ndi simbi ya makala, koma mzerewo udakana kuchoka. Mwana adajambulitsa choncho.

Patapita miyezi, agogo aja adabwera ndi kalata imene aphunzitsi adawamasulira. Mayi wa ku Birmingham adauona mzerewo ndipo adada nkhawa kuti mwina mwana akuvala zogamba.

“Atelala, ndiwayankhe chiyani anthuwa?”

“Agogo, auzeni zoona. Mzerewo ndi mainchesi atatu amene mdzukulu wanu wakula.”

Kuchokera pamenepo, kalata iliyonse imafunsa msinkhu wake. Ndimamuimika pakhoma, n'kutembenuza tepi kumbali ya masentimita poti iwo amawerenga imeneyo. Akuti amalemba pafelemu ya chitseko chawo, pamene amalembanso msinkhu wa ana awo. Ine nditamva zimenezi ndidaleka kuwaona ngati anthu ongotumiza ndalama. Munthu amene waona mzere pachithunzi chaching'ono chotere ndiye kuti amachiyang'anitsitsa.

Komabe pali chimene chimandiwawa. Mtsikanayu ali ndi mlongo wake wamng'ono amene alibe womuthandiza. Tsiku loyeza amabwera nawo, amaima cha kumtondo n'kumayang'ana tepi. Njira yothandiza mwana mmodzi wodziwika dzina ndi nkhope ndi yakale, bungwe limene lero ndi Plan International lidayamba nayo mu 1937 pa ana a m'nkhondo ya ku Spain, ndipo sindiinyoza, chifukwa mtima wa munthu umagwira nkhope imene ukuidziwa. Koma kwathu kuno ana amadyera mbale imodzi, ndipo agogo sangagawe kondowole poyang'ana amene ali ndi mzungu.

Chaka chino agogowo adandinong'oneza kuti ndidule diresi la mtsikanayo mothinitsa, papezeke nsalu ya shati ya mnyamatayo, eni ndalama asadziwe. Kuthinitsa ndidakana, chifukwa diresi limeneli ndi limene mwana alembere mayeso a Sitandade 8. Ndidayala mapatani motembenuzana, manja a shati ndikuwapeza m'zidutswa za m'mbali, kolala n'kuchita kulumikiza. Shati idatuluka. Koma ndidawapempha kuti asabise, alembe m'kalata kuti m'nyumbamo muli ana awiri.

Adalemba, ndipo pachithunzi cha chaka chino ana aima awiri. Kalatayo idakwera Ilala sabata yatha. Miyezo ya mnyamatayo ndailemba kale m'kope, tsamba loyang'anizana ndi la mlongo wake.